Moto wa Kutsidya kwa Dambo

Fungo la chitsononkho chimene chikunyeka likangondipeza, ngakhale ndili pakati pa tauni ya Chipata pamene anyamata amawotcha chimanga m'mbali mwa msewu, mtima wanga umayamba kugunda ngati ndathamanga kale. Limandinyamula n'kukanditula kwathu ku Chiparamba, m'mawa wa nyengo yozizira, mame ali mbuu pa udzu, atambala akulandizana kuchokera khola ili kufika khola ilo, ine kamtsikana ndili pabwalo ndi tsache m'manja. Ndiye pamamveka mapazi, phaphapha, ndipo kuseri kwa nkhokwe ya atate kumatulukira aNambewe, mayi wa imvi kale, chitenje atachikwinyira m'mawondo, kachitini kakulendewera pa waya m'dzanja lawo, utsi woyera ukuwatsata pambuyo.

"Ambuya, mwauka bwanji?"

"Tauka, Enelesi. Choka panjira, moto ungandithere."

Sankaima. Ankangodutsa, utsi n'kunditsalira m'mphuno, ine n'kutsala pakamwa yasa mpaka amayi atandikalipira kuti bwalo silidzisesa lokha.

ANambewe sanali ambuya anga enieni. Tinkangoyandikana nyumba, pakati pathu pali mpanda wa udzu umene mbuzi zinkaudya chaka ndi chaka. Koma chaka chino ndawakumbuka kuposa achibale anga onse, ndipo chimene chandikumbutsa ndi nsapato. Ine ndine telala, ndili ndi kashopu ku Kapata m'tauni ya Chipata momwemo, ndipo ntchito yanga ndi yokhala pansi kuyambira m'mawa mpaka maso atawawa. Nesi wa ku kiliniki atandiyeza bipi anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati kwathu alipo amene anadwalapo matenda amenewa. Alipo. Amayi anga anagwa nawo ali m'munda wa thonje, ndipo sanadzukenso. Ndinatuluka m'chipinda chija ndikuganiza za ana anga amene sanamalize sukulu.

Ndi mantha amenewo ndinalowa kagulu ka anthu oyamba kumene kuthamanga. Kochi wathu, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, ankatiyambitsa pang'onopang'ono: thamangani kuchokera pa mtengo wa magetsi uwu kufika pa uwo, kenako yendani, kenako thamanganinso. Tinali azimayi a matupi athu ndi azibambo a mimba zawo, tonse wefuwefu, oyendetsa njinga zonyamula anthu akutiseka. Patapita miyezi iwiri ndinathamanga makilomita asanu osaima, ine amene, ndipo pomaliza ndinavina pakati pa msewu osasamala za munthu. Kochi anatipatsa masikipa, tinajambulitsa, n'kutiuza kuti, "Tsopano mwakula, muzithamanga nokha." Sabata yotsatira kunazizira. Inayo ndinali ndi mayunifomu a sukulu oti ndimalize. Nsapato zinalowa pansi pa bedi, ndipo ndinagwa mphwayi moti ndinkachita manyazi ngakhale kuvala sikipa ija. Ndinkadziwa bwino chimene chikundidikira ndikapitiriza kukhala, koma kudziwako sikunkandidzutsa.

ANambewe iwo ankadzuka. M'mudzi monse ankadziwika kuti ndi mayi wamkulu wosatha kusunga moto. Masiku amenewo machesi ankasowa m'magolosale, ndipo mayi aliyense wodzilemekeza ankakwirira chikuni chake m'phulusa madzulo kuti m'mawa angopemerera. Ukakuzimira kamodzi, unkapita kwa mnzako wa pafupi kukapala, n'kuseka. Koma wa aNambewe unkazima tsiku lililonse, ndipo chodabwitsa n'chakuti ankadutsa nyumba zonse zofuka utsi, ya ife yomwe, n'kukaupala kutsidya kwa dambo kwa mnzawo aVeronika, mayi wamasiye wolumala chiuno. Kuchitsime azimayi ankawajeda mpaka ndowa kusefukira. Amayi anga, amene anali a mtima wabwino, ankawaitana pa mpanda kuti, "ANambewe, moto ulipo kuno, mukuvutikiranji?" Iwo ankayankha akuthamanga kale, "Zikomo amake Enelesi, koma wa aVero umapsetsa bwino."

Amuna awo, aZulu, anali munthu wosalankhulalankhula, koma m'mawa uliwonse ankaima pakhonde n'kukuwa mokweza kuti mudzi wonse umve: "Wazimanso? Fulumirani mayi inu, ndifuna madzi osamba." Ine ndinkawaona ngati bambo wankhanza.

Tsiku lina dzuwa likulowa amayi anandituma kukapempha mchere kwa aNambewe. Ndinalowa m'khitchini mwawo osaodira, monga mwana wopanda mwambo, ndipo ndinawapeza atagwada pa mafuwa, chikho m'manja, akuthira madzi pa makala ofiira bwinobwino. Moto unkalira tsiii, nthunzi yosakanikirana ndi phulusa ikukwera kudenga.

"Ambuya, mukuzimitsa dala?"

Anatembenuka, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe wabwerera mchere kapena kudzandizenga mlandu?" Kenako anayamba kuseka chamumtima, mapewa akugwedera. "Ukakanena kwa amako, ine ndikawauza amene amadya nsawa za mbewu m'nkhokwe mwawo. Ukasunga pakamwa, mawa ndikutenga."

Pakamwa ndinasunga. M'mawa mwake ndinasesa bwalo kusanayere bwino, mizere ya tsache yokhotakhota, ndipo aZulu atangokuwa ndinali kale pa mpanda. Ndinaona ndi maso anga bambo wankhanza uja akutsinzinira akazi awo diso, n'kubwerera m'nyumba akumwetulira.

Ulendo umenewo ndikuumvabe m'mapazi. Tinadutsa pakati pa minda ya thonje imene inali itayera kudikira kutola, mame akutimenya m'miyendo, tinatsetsereka kulowa m'dambo mmene mpweya unali wozizira mpaka mano kuwawa, tinadutsa madimba a nzimbe ndi repu, achule akudumphira m'zitsime, kenako ulalo wa mitengo iwiri umene unkagwedera ukaupondapo. Ine ndinkaseka ndekha popanda chondiseketsa. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu angathamange chifukwa chongokondwa, ndipo ndinkaona ngati tikuba chinthu chokoma mudzi wonse uli m'tulo.

Ali m'kati mothamanga anandimasulira nzeru yawo. Mayi wamkulu akathamanga chimanjamanja, anthu amatuluka m'nyumba kufunsa kuti wamwalira ndani, ndipo akaona kuti palibe maliro amati mutu wasokonekera. Koma munthu wopala moto palibe amene amamuimitsa. Samuyalira mphasa, samufunsa za ana ndi mbuzi, ngakhale akuluakulu amamupatukira panjira. "Chitini ichi ndiye chilolezo changa," anatero akuchigwedeza. Chinali chitini chakale cha nyama, chobowola ndi msomali mbali zonse.

AVeronika tinawapeza ataima kale pansi pa mtengo wa mango, atatsamira ndodo, mpango atamanga bwino ngati akupita ku tchalitchi, makala ali okonzeka pa phale.

"Mwachedwa, aNambewe. Masiku aja ndikanakupitirirani pa ulalo."

"Inu? Munkangoona fumbi langa, aVero."

"Nanga kamiyendo aka n'ka yani?"

"Kandigwira ndikuthira madzi."

Anaseka chikhakhali onse awiri. ANambewe anaika zitsononkho m'chitini, khala limodzi pamwamba, ndipo osakhala pansi tinatembenuka. Ine ndinachonderera kuti ndinyamule. Atangondipatsa ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka kuti aone kuti nanenso ndili ndi miyendo. Mphepo inalowa m'mabowo muja, zitsononkho zinalilima, lawi linanyambita zala zanga, ndipo tisanafike pa ulalo m'chitini munali phulusa lokha. Ine mpweya unali utandithera, ndagwira m'mawondo. Tinabwerera kwa aVeronika, amene anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Uzimvera moto," anandiuza aNambewe titanyamukanso. "Ukayamba kulilima, wathamangitsa. Utsi ukayamba kuchepa, wachedwa. Ndipo ukalephera kundiyankha ndikamakufunsa, dziwa kuti ukupikisana ndi munthu amene palibe." Mawu amenewa kochi wathu anadzatiuzanso patapita zaka zambiri, m'Chingerezi, akuyang'ana wotchi yake.

Kuyambira pamenepo ndinkapita nawo nthawi zambiri. Amayi ankati ndikuthandiza nkhalamba, ndipo ankandiyamikira. Mbiri yawo anandiuza m'zidutswazidutswa, mpweya ukalola. Ali atsikana pa sukulu ya mishoni, mphunzitsi wina anasankha iwo ndi aVeronika n'kuwaphunzitsa kuthamanga temu yonse, kukonzekera mpikisano wa ku boma. Anapita pa lole, koyamba kuona tauni. ANambewe anapambana beseni loyera la mkombero wofiira, aVeronika thaulo. Atabwerako mphunzitsi anawagwira chanza n'kunena kuti zatha, abwerere ku mtondo. Chaka chisanathe onse anali pa banja. "Mpikisano unathadi," anatero aNambewe, "koma miyendo yanga palibe amene anaiuza." Beseni lija ndi limene aZulu ankasambiramo madzi awo aja.

Zinthu zinasokonekera titakolola. Mwana wawo Paulo, amene ankagwira ntchito ku migodi, anabwera pa tchuthi, ndipo azimayi a kuchitsime sanachedwe kumuuza kuti amayi ake amapempha moto tsiku ndi tsiku ngati alibe mwana wa pa ntchito. Paulo anali munthu wabwino, ndipo zinamupweteka. Anakwera basi kupita ku Chipata, n'kubwerako ndi mtolo wa machesi waukulu woti golosale ingachite nsanje. Anaupereka pabwalo anthu akuona.

"Amama, zopempha moto zithe. Pa msinkhu wanu musamathamange m'dambo ngati mulibe wokusamalani."

Azimayi analuluta. ANambewe anaomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti, "Zikomo mwanawe, wandikumbukira." Ndinayang'ana aZulu, koma iwo ankayang'ana pansi. Ndani akanathamangiranso moto kutsidya kwa dambo ali ndi machesi odzaza pa alumali?

Mudzi unakhala chete m'mawa. Ndinkasesa bwalo ndikutchera khutu, koma kuseri kwa nkhokwe kunkangotulukira nkhuku. ANambewe ankakhala ndwii pakhonde, akusenda nsawa mosafuna, ndipo koyamba m'moyo wanga ndinawamva akudandaula mawondo. Ankakalipira mbuzi, agalu, ngakhale aZulu. Ankadzuka pampando atagwira chipupa. M'masabata ochepa okha anakalamba ndikuona, ndipo ine ndinkamuda Paulo ndi mtima wanga wonse, ngakhale anandibweretsera maswiti.

Mphepo ya mwezi wa Ogasiti itayamba, m'mawa wina dzuwa litakwera kale aNambewe anandiitana. Ndinawapeza ataima pa chulu cha kuseri kwa nyumba yawo, dzanja pa chipumi.

"Enelesi, maso ako ndi atsopano. Pa mango pa aVero paja ukuona utsi?"

Ndinayang'anitsitsa. Nyumba zina zonse za kutsidya zinkafuka. Pa mango paja panali zii.

Anatsika pa chulu, anatola chitini chimene chinali chitayamba dzimbiri pansi pa nkhokwe, anapala makala pa mafuwa awo, n'kukwinya chitenje. Ndinataya tsache pomwepo. Tikudutsa pa chitsime mayi wina anafunsa kuti, "Nanga machesi aja atha kale?" Iwo anayankha osacheuka, "Machesi alipo. Lero moto ndikukapereka."

Tsiku limenelo anathamanga movutika, akupuma mokoka, koma pa ulalo sanachepetse. Pansi pa mango panalibe munthu. Bwalo linali losasesa, ndipo m'khitchini phulusa linali lozizira, nkhuku zitapondamo. AVeronika tinawapeza m'nyumba atadzifunda bulangete mpaka kumutu, pambali pali mbale ya chakudya chadzulo chimene achibale anawasiyira, chosakhudza.

"AVero, mukudwala?"

"Sindikudwala."

"Nanga dzuwa lonseli mwagoneranji?"

"Ndiukire chiyani? Moto ndisungire yani?"

Ndinaona aNambewe atagwira pakamwa. Zaka zonsezo ankaganiza kuti aVeronika akungowathandiza pa kabodza kawo, osadziwa kuti mayi wolumalayo ankakwirira moto madzulo, n'kudzuka, n'kusesa, n'kumanga mpango chifukwa kunali munthu amene akubwera. ANambewe anatuluka msanga, anakoleza moto, anateleka madzi, akukalipa ndi kulira nthawi imodzi. Anawasambitsa kumaso, anawaphikira phala, n'kuwatulutsa padzuwa. Kenako analonjeza kuti kuyambira tsiku limenelo aziwabweretsera moto m'mawa uliwonse, ndipo palibe amene angawajede chifukwa chothandiza wamasiye.

AVeronika anapukusa mutu, supuni ili m'manja. "Musandisandutse wopempha, aNambewe. Mukamandibweretsera, ndizikudikirani ndili m'bulangete. Inu kathireni madzi wanu uja, ine ndisunge wanga."

Madzulo ake ndinaima pa mpanda dala, ndipo ndinamva tsiii. Ndinadumphadumpha ndekha mpaka amayi anandifunsa ngati ndalumidwa ndi linthumbu. M'mawa mwake aZulu anakuwa ndi mawu aakulu kuposa kale. Machesi a Paulo anakathera ku tchalitchi, kuyatsira makandulo, ndipo akatekisiti anathokoza banja la aZulu pamaso pa mpingo wonse chifukwa cha mtima wopereka. Azimayi a kuchitsime anayambiranso kujeda, koma mawondo aja sitinawamvenso. ANambewe anawoloka dambo limenelo mpaka chaka chimene aVeronika anatisiya, ine ndili kale ku sekondale.

Zonsezi zinandibwerera madzulo ena ndikuchokera ku shopu, nditadutsa pa mnyamata wowotcha chimanga amene ankasonkhezera mbaula yake ndi zitsononkho. Ndinaima chilili pakati pa njinga. Ndinazindikira kuti miyezi iwiri ija sindinkadzuka chifukwa cha mantha a bipi ayi. Ndinkadzuka chifukwa pa mtengo wa magetsi paja pankakhala anthu ondidikira. Ndiye ndinakumbukira Amayi Daka, amene amagulitsa tomato pamsika pafupi ndi shopu yanga koma amakhala kutali, kumunsi kwa phiri. Pa gulu lathu ine ndi iwo ndife tinkatsekera kumbuyo, tikulimbikitsana ndi miseche. Ndinabwerera msangamsanga n'kuwapeza akulongedza.

"Amayi Daka, mukuthamangabe?"

"Kuthamanga kwake kuti, mnzanga? Nsapato ndinampatsa mwana azipitira ku sukulu."

Ndinatulutsa makiyi a shopu n'kuwaika m'dzanja lawo. "Mupite nawo kwanu. Mawa ndidzawatenga ndekha pa geti panu, wapansi. Ngakhale ndiimbe foni ndikulira, musandibweretsere. M'shopumo muli diresi la mkwatibwi la Loweruka lino."

Anandiyang'ana ngati mutu wanga wasokonekera, ndipo ndinawauza za chitini chija titaimirira pomwepo. Anaseka mpaka tomato wina anagubuduka, koma makiyi anawamanga pa chitenje.

M'mawa mwake kunazizira, ndipo bulangete linandikonda kwambiri. Ndisaname, foni ndinaimba. Amayi Daka anayankha kuti, "Ine sindine mesenjala wanu," n'kudula. Mwana wanga, amene ali ndi mtima wa Paulo, anati atume wa njinga yamoto akawatenge, amayi asavutike. Ndinamuuza kuti machesi ake asunge. Ndinakokera nsapato kunja, ndinakutumula fumbi, n'kutuluka.

Poyamba miyendo inali yolemera, chifuwa chikuwotcha. Ndinachepetsa, monga munthu amene wanyamula zitsononkho, ndipo pang'onopang'ono mpweya unakhazikika. Phiri linayamba kufiira pamwamba, azimayi ankakoleza mbaula m'makomo, utsi ukuyandama pamsewu, ndipo ndinadzimva ndikuseka ndekha popanda chondiseketsa, monga m'dambo muja. Nditakhota pa kona yomaliza ndinawaona. Amayi Daka anali ataima pa geti, makiyi akuwazunguza pa chala, kumapazi atavala nsapato zimene analanda mwana wawo.

"Mwachedwa, aEnelesi. Ndimati ndiyambe kusoka ndekha diresi lija."

Makiyi sanandipatse. Anayamba kuthamanga nawo, ine pambuyo, mpaka ku Kapata.

Tikuchitabe zimenezi, ndipo mwana wa Amayi Daka tinachita kumugulira nsapato zake. Masiku ena timafika pa mjigo wa kutsidya kwa msewu waukulu, masiku ena timangozungulira pafupi, tikujeda anthu amene sanatilakwire. Nesi uja nditapitanso anandiyeza kawiri, n'kundiuza kuti chimene ndikuchitacho ndisasiye, ndipo mankhwala amene anandipatsa poyamba paja ndizimwabe. Ulesi sunandichoke. Umabwera m'mawa uliwonse, n'kupeza kuti ndinaukonzera kale dzulo. Madzulo ndikatseka shopu, Amayi Daka amatambasula dzanja, ndipo makiyi akamagwera m'chikhatho mwawo ine ndimamva tsiii, m'khitchini mwa aNambewe.